Ndodo ziwiri za aluminiyamu ndi usiku wa mabingu: lipoti la kalabu ya sayansi ku Zomba

Lipotili ndalembera aphunzitsi anzanga a Physics, makamaka amene amayendetsa makalabu a sayansi m'sukulu za sekondale zopanda zipangizo zokwanira ngati yathuyi. Likunena za ntchito imene tinagwira ndi ana a Folomu 3 ndi Folomu 4 kumapeto kwa teremu yoyamba, mvula itangoyamba, yotsanzira chipangizo chimene Joseph Weber anapanga ku America pofuna kugwira mafunde a mphamvu yokoka. Ndinene msanga kuti ndodo zathu sizingagwire mafunde amenewo, ndipo anawo ndinawauza zimenezi tisanagule n'komwe ndodozo. Chimene ndinkafuna n'choti akumane okha ndi funso limene linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri: zipangizo ziwiri zikagwedezeka nthawi imodzi, ungadziwe bwanji chimene chazigwedeza?

Chimene tinkatsanzira

Mu 1916 Albert Einstein anaonetsa m'masamu ake kuti zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana mothamanga zimatumiza mafunde oyenda pa liwiro la kuwala. Fundelo likamadutsa limatanula chinthu mbali imodzi n'kuchifinya mbali inayo, kenako n'kusinthanitsa. Kutanukako n'kochepa kwambiri moti kwa zaka zambiri panalibe amene anaganiza zoti kungayezedwe.

Weber, wa pa University of Maryland, ndiye anayamba kuyesa m'zaka za m'ma 1960. Anatenga chitsulo cha aluminiyamu choumbika ngati mgolo koma chosabowola mkati, chotalika pafupifupi mita ndi theka, cholemera kuposa tani imodzi. Anachipachika ndi waya pakati penipeni, m'thanki yopopedwa mpweya, ndipo m'chiuno mwake anamatamo timiyala ta piezo, timene timatulutsa magetsi pang'ono tikafinyika. Chitsulo chotere chili ndi kaliridwe kakekake, chimanjenjemera ka 1,660 pa sekondi. Nzeru yake ndi ya belu lathu la pasukulu, limu ya galimoto yopachikidwa mumtengo ija: ukaimenya kamodzi imatsala ikulira, ndipo amene sanaone kumenyako amadziwabe kuti yamenyedwa. Funde likadutsa lili ndi mphamvu pafupi ndi 1,660 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi), chitsulo chimatsala chikulira, ndipo kulirako n'kumene kumayezedwa.

Chitsulo chimodzi sichingadaliridwe, chifukwa galimoto yodutsa panja ingathe kuchigwedeza. Choncho Weber anaika china ku Argonne National Laboratory pafupi ndi Chicago, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000, n'kumawerenga nthawi zimene ziwirizo zagwedezekera pamodzi. Mu 1969 analengeza m'magazini ya Physical Review Letters kuti wapeza umboni wa mafundewo, ndipo chaka chotsatira anati ambiri akuchokera chapakati pa mlalang'amba wathu. Anthu ena anapanga zitsulo zawo: Richard Garwin ku IBM, Tony Tyson ku Bell Labs, David Douglass ku Rochester, Vladimir Braginsky ku Moscow, Ronald Drever ku Glasgow, komanso gulu la ku Munich ndi Frascati. Palibe amene anapeza zimene Weber ankanena, ndipo pofika chapakati pa zaka za m'ma 1970 akatswiri ambiri anali ataleka kumukhulupirira.

Zipangizo zathu

Tinagula ku Limbe ndodo ziwiri za aluminiyamu zosabowola, zonenepa mamilimita 25. Amisiri a mawindo a m'tauni muno anatidulira iliyonse mita imodzi ndendende n'kusalaza nsonga zake ndi fayilo. Ndodo yotere imalemera pafupifupi kilogalamu 1.3.

Tisanaimenye, anawo anawerengera kaye mmene idzalirire. Phokoso limayenda mu ndodo ya aluminiyamu pafupifupi mamita 5,100 pa sekondi, ndipo kaliridwe koyamba kamapezeka pogawa liwirolo ndi utali wa ndodo kawiri. Kwa ife ndi 5,100 ÷ 2, kutanthauza 2,550 Hz. Mtsikana wina wa Folomu 3 anayesa samu yomweyo pa chitsulo cha Weber cha mamita 1.53, inamupatsa pafupifupi 1,667, ndipo anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti azunguwo samu yawo ndi yomweyi?" Ndinamuuza kuti ndi yomweyo.

Mtsikana yemweyo ndiye anagwira ndodo tsiku loyesa. Anaitsina pakati ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, mnzake n'kuigogoda kunsonga ndi kahamala. Inalira ngwee, mawu oonda obaya m'makutu, ndipo inapitiriza masekondi angapo. Atasuntha zala pang'ono kuchoka pakati, kulira kuja kunatha nthawi yomweyo, zii. Pamenepo sipanafunikenso kufotokoza chifukwa chimene Weber anapachikira chitsulo chake pakati: ndi pokhapo pamene sipayenda ndodo ikamatanuka ndi kufupika.

Timbale ta piezo tinachotsa m'mabaza a mawotchi akufa amene okonza mafoni mumsika anatipatsa. Kambale kalikonse tinakamata kunsonga kwa ndodo ndi guluu wa machubu awiri, waya wake n'kulowa pa bowo la maikolofoni pa laputopu. Pojambula tinagwiritsa ntchito Audacity, pulogalamu yaulere, imene imayeza ka 44,100 pa sekondi, ndipo zimenezo n'zokwanira kwambiri pa 2,550 Hz. Ndodo iliyonse tinaipachika ndi ulusi wa mbedza pa felemu yamatabwa, felemuyo n'kuikhazika pa chubu cha njinga chopopa pang'ono, zonse n'kuzivundikira ndi katoni yoyalidwa mabulangete akale. Imodzi inakhala mu labu, ina m'kachipinda kosungira mabuku kuseri kwa bwalo la mpira.

Nkhani ya nthawi tinaisamala kwambiri, ndipo chifukwa chake ndinawauza anawo. Weber nthawi ina ananena kuti wapeza kugwedezekera pamodzi pakati pa chitsulo chake ndi cha Douglass ku Rochester, koma zinadzadziwika kuti mawotchi a mbali ziwirizo ankasiyana ndi maola 4, chifukwa mmodzi ankalemba nthawi ya Greenwich, winayo ya kwawo komweko. Tsono ife tinkayambitsa malaputopu onse awiri ali patebulo limodzi, n'kugogoda kambale kamodzi kolumikizidwa kwa onse awiri kuti pakhale chizindikiro chofanana, kenako n'kuwanyamula akujambulabe kupita nawo kumalo awo. M'mawa tinkawabweza n'kugogodanso.

Minga yoyamba

Masana sitinkajambula. Chigayo cha kutsidya kwa msewu, malole a mumsewu wa Blantyre kupita ku Liwonde, zitseko za makalasi, zonsezo zinkalowa. Usiku kunali bwino, makamaka tikasefa zojambulidwazo n'kutsala ndi mawu a pafupi ndi 2,550 Hz okha. Pakompyuta pankaoneka mzere wonenepa wa phokoso losalekeza, ndipo apa ndi apo pankatumphuka kansonga katali. Anawo ankatitcha minga, ndipo inenso ndizitero.

Ntchito inali yojambula mzere wopingasa pamwamba pa phokosolo, kulemba mu Excel nthawi ya munga uliwonse wopyola mzerewo, n'kuyerekeza ndandanda ya ndodo ya mu labu ndi ya kumabuku. Minga iwiri ikasiyana ndi theka la sekondi kapena kucheperapo tinkati yawombana. Usiku woyamba womwe zowombana zinapezeka, ndipo kalabu yonse inasangalala.

Apa ndinawaimitsa n'kupita pabolodi. Tiyerekeze tajambula maola 10, omwe ndi masekondi 36,000. Ndodo yoyamba yatipatsa minga 300, yachiwiri 240, ndipo palibe chilichonse chozilumikiza: ina akuigwedeza ndi makoswe, inayo ndi denga la malata likamazizira. Mpata wathu, theka la sekondi kutsogolo ndi theka kumbuyo, ndi sekondi imodzi. Zowombana mwangozi zidzakhala pafupifupi 300 × 240 × 1 ÷ 36,000, zomwe ndi 2. Ukatsitsa mzere mpaka minga ichuluke kawiri mbali zonse, zowombana sizikhala 4, zimakhala 8.

Mnyamata wina wa Folomu 4, wakhama kwambiri pa onse, anali atazitulukira kale yekha pakompyuta. Anabwera nati, "Aphunzitsi, tikatsitsa mzere pang'ono pokha zikuwombana zambiri. Mwina takhala tikutaya zenizeni." Sanali kuchita zachinyengo. Ankafunitsitsa kupeza kanthu, ndipo mtima umenewo ndi umene mphunzitsi amaufuna mwa mwana. Ndi pomwepanso pamene otsutsa Weber ankamukayikira, kuti ankasinthasintha mzere ndi kasefedwe ataona kale zotsatira, ndipo munthu akatero amasankha zomukomera asakudziwa n'komwe. Douglass anapezanso cholakwika mu pulogalamu ya kompyuta ya Weber chimene chinkabala zowombana zabodza. Mu 1974, pamsonkhano wa ku yunivesite ya MIT ku America, Garwin ndi Weber anakangana koopsa pagulu pa nkhani zomwezi.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti atsitse mmene akufunira, koma achitenso chinthu china: atenge ndandanda ya ndodo yachiwiri, awonjezere masekondi 10 pa nthawi iliyonse, awerengenso zowombana, kenako 20, kenako 30, choncho. Ndandanda yosunthidwa singakhale ndi zowombana zenizeni, zonse zopezeka mmenemo n'zangozi. Anagwira ntchitoyo masana onse. Ndandanda yeniyeni sinapose zosunthidwazo, ndipo zina mwa zosunthidwa zinaiposa.

Kuyambira tsiku limenelo kalabu inagwirizana malamulo awiri n'kuwalemba m'buku lake. Mzere uziikidwa tisanayerekeze chilichonse ndipo usakhudzidwenso. Ndiponso gulu limodzi lizikonza ndandanda zingapo, yeniyeni imodzi ndi zosunthidwa, n'kuzilemba zilembo A, B, C, kiyi wake n'kumutsekera mu envulopu, kuti owerenga asadziwe yoona ndi iti.

Usiku wa mabingu

Kenako kunabwera usiku umene wachititsa kuti ndilembe lipotili. Owerenga atamaliza, ndandanda imodzi inaima payokha, zowombana zake zochuluka kutali kuposa zinzake zonse. Titatsegula envulopu, inali yeniyeni ija. Mzere sunakhudzidwe, owerenga sankadziwa, zizindikiro za nthawi zinali bwino. Anawo anakuwa mpaka a hedi anatuluka mu ofesi kudzaona.

Sindinawazimitse. Ndinawauza zoona, kuti afika pamene Weber anafika, chifukwa nayenso ankasuntha nthawi ya chitsulo chimodzi n'kuona zowombana zikuchepa. Ambiri amene amamunyoza lero amaiwala kuti njira yoyerekeza zipangizo ziwiri zotalikirana anaiyambitsa pa ntchitoyi ndi iyeyo, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka pano. Zimene tinapeza zinatsimikiza chinthu chimodzi basi, chakuti ndodo zonse ziwiri zinakhudzidwa ndi chinthu chimodzi. Chinthucho n'chiyani, ndandanda sizinanene.

Tinayamba ndi kuyang'anitsitsa minga yowombanayo pa zojambulidwa zosasefa, chifukwa sefa nayo imatha kuwonjezera kamchira kakekake. Munga wochokera ku ndodo yogogodedwa tinkaudziwa bwino: umakwera msanga, n'kumatsika pang'onopang'ono, ndipo ukaukuza umaona timafunde tolinganalingana ta 2,550 Hz. Yambiri mwa ya usiku umenewo sinali yotero. Inali kakhwapu kamodzi kakuthwa, kopanda mchira, ndipo pa malaputopu onse awiri inagwera pamalo amodzimodzi moti kusiyana kwake sitinathe kukuyeza. Ndodo sinalire. Chimene chinalowa chinadzera m'waya.

Mtsikana wa samu uja ndiye anapita kukafunsa alonda. Anawapeza akumwa tiyi pageti, nati, "Bambo, dzana usiku kunachitika chiyani kuno?" Iwo anati mvula inatsika kuchokera kuphiri cha m'ma 11 koloko ndi ziphaliwali zoopsa, magetsi anathima n'kubweranso, kenako anathimanso. Titabwerera ku zojambulidwa tinazipeza zonsezo. Kung'ung'uza kwa 50 Hz, kumene kumalowa laputopu ikakhala pa chaja, kunkasowa mwadzidzidzi n'kudzabwereranso, ndipo posowa ndi pobwerera paliponse panali munga waukulu mbali zonse ziwiri.

Panalinso gulu lina la minga limene linandisangalatsa kuposa loyambalo. Patapita masekondi angapo chichitikire kakhwapu kakuthwa kaja, ndodo zonse ziwiri zinkaliradi, ndi mchira womwe. Limeneli linali bingu. Mphezi imafika m'waya nthawi yomweyo, koma phokoso lake limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kilomita iliyonse imadya masekondi atatu. Anawo anawerengera mtunda wa mphezi zingapo kuchokera pa mpata umenewo. Anaonanso okha vuto la malo athu: zipinda ziwirizo zatalikirana ndi bwalo la mpira lokha, ndipo bingu limadutsa mtunda umenewo theka la sekondi lisanathe, ndiye kuti mkati mwa mpata wathu wa zowombana. Makilomita 1,000 a Weber aja anamveka tsopano.

Pomaliza tinayesa mwadala. Tinatenga kambale ka piezo kachitatu n'kukakwirira mu dongo louma pang'ono kuti kasathe kunjenjemera, waya wake wofanana utali ndi wa pandodo. Titayatsa getsi la chubu mu labu, munga unatuluka pa kambale kameneka ngati mmene unatulukira pa ndodo.

Zoterezi sizichitikira ife okha a zipangizo zotolatola. Chitsulo cha NAUTILUS ku Frascati, ku Italy, chimene chinali cha mtundu wa cha Weber, chinali ndi zipangizo zoyezera tizinthu tothamanga tochokera mumlengalenga, ndipo zinaonekadi kuti tizinthuto tikagwa tambiri nthawi imodzi chitsulocho chimalira. Ngakhale LIGO, makina a laser a ku America ofufuzira mafunde a mphamvu yokoka, itagwira mafunde oyamba pa 14 September 2015, akatswiri ake anapeza kuti m'sekondi yomweyo kunagwa mphezi yaikulu ku Burkina Faso. Anayenera kuonetsa, ndi zoyezera maginito zimene zili pamalo awo, kuti mphamvu yake inali yochepa kwambiri moti singabale chimene anaona. Anawo atamva zimenezi anasiya kudandaula za mphezi yawo.

Funso la kutentha ndi zitsulo zozizira

Mnyamata wa mzere uja anafunsa kuti tikachotsa makoswe, mabingu ndi magetsi, ndodo ingakhale chete kotheratu? Singakhale. Maatomu a chinthu chilichonse chofunda amanjenjemera, ndipo ndodo yonse imanjenjemera nawo. Tinawerengera pabolodi: nsonga ya ndodo yathu, pa kutentha kwa m'chipinda, imayenda yokha pafupifupi mamita 5 × 10⁻¹⁵. Chitsulo cha Weber, pokhala cholemera, chinkayenda pafupifupi 2 × 10⁻¹⁶, kuchepera kukula kwa proton imodzi. Koma funde la mu 2015 lija linatanula zinthu ndi gawo limodzi mwa 10²¹, ndipo pa chitsulo cha mita ndi theka kumeneko n'kusuntha kochepa maulendo oposa 100,000 poyerekeza ndi kunjenjemera kwa kutenthako.

N'chifukwa chake amene anapitiriza njira ya Weber anaziziritsa zitsulo zawo. Kunali ALLEGRO ku Louisiana State University, EXPLORER ku CERN, NAUTILUS ku Frascati, AURIGA ku Legnaro pafupi ndi Padua, ndi NIOBE ku Perth, imene inali ya chitsulo cha niobium. Za magulu a ku Italy zinali zotalika mamita 3, zolemera matani 2.3, zolira pafupi ndi 900 Hz, ndipo NAUTILUS inaziziritsidwa mpaka pafupifupi 0.1 K, kutanthauza cha m'ma −273 °C. Kuyambira mu 1997 magulu amenewa ankasinthana ndandanda zawo n'kumafufuza zowombana, monga mmene ana anga ankachitira. Sanagwire funde ngakhale limodzi. Chitsulo chimamva mawu a pafupi ndi kaliridwe kake okha, pamene funde la mu 2015, lochokera ku ma black hole awiri (zinthu zakuthambo zokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawako) olemera pafupifupi madzuwa 36 ndi 29, linakwera kuchoka pa 35 kufika pa 250 Hz m'kachigawo ka sekondi. Fundelo analigwira ndi makina a laser a LIGO aja, a mikono ya makilomita 4, ku Livingston ndi ku Hanford ku America, ndipo linafika ku Livingston mamilisekondi 7 lisanafike ku Hanford. Zitsulozo zikanamva bwino zinthu za mu mlalang'amba wathu womwe uno, monga nyenyezi yophulika, koma zimenezo zimachitika kangapo kokha pa zaka 100. Weber anamwalira mu 2000. Pa 11 February 2016, polengeza za LIGO, mkazi wake Virginia Trimble, amenenso ndi katswiri wa zakuthambo, anali pomwepo, ndipo ine ndimaona kuti olengezawo anachita bwino kumuitana.

Kujambula kwachiwiri ndi zotsala

Tinasintha zinthu zingapo. Mawaya wamba tinawachotsa n'kuika waya wa eriyo ya TV, umene uli ndi ukonde wachitsulo kunja. Nsonga ya ndodo yokhala ndi kambale tinaivundikira ndi chitini chosakhudza ndodoyo, cholumikizidwa ku ukonde uja. Malaputopu tinawachotsa pa chaja, ndipo popeza mabatire ake ndi otopa, tinkajambula maola ochepa a madzulo okha. Alonda anavomera kutilembera m'kabuku nthawi ya mvula, mabingu ndi kuthima kwa magetsi, ndipo kalabu inagwirizana pasadakhale kuti nthawi zimenezo zizichotsedwa envulopu isanatsegulidwe. Pa madzulo opanda mvula, ndandanda yeniyeni inagwera pakati pa zosunthidwa, osaziposa.

Vuto limene latsala ndi la mawotchi. Zizindikiro zogogoda poyamba ndi pomaliza zinaonetsa kuti malaputopu awiriwa sawerenga nthawi mofanana ndendende, ina imatsalira pang'ono, ndipo kutsalirako kumakula kujambula kukatalika. Pakadali pano timakukonza ndi samu, poyerekeza kuti kumakula mofanana usiku wonse, koma zimenezi zikutiletsa kuchepetsa mpata wa zowombana, chikhalirecho kuuchepetsa ndiko kukanachotsa zangozi zambiri pamodzi ndi mabingu. Ena mwa anawo akufuna ndodo zonse ziwiri zilowe mu laputopu imodzi, ina kumanzere ina kumanja, kuti wotchi ikhale imodzi. Ena akukana, ati waya wautali wodutsa bwalo lonse udzakoka mphezi iliyonse ya m'phirimu, komanso chilichonse cholowa mu laputopuyo chidzaoneka mbali zonse ziwiri. Onse akunena zoona. Tagwirizana kuti teremu ikubwerayi tiyese njira zonse ziwiri pa madzulo amodzimodzi, ndipo kambale ka m'dongo kaja kazijambulidwa nthawi zonse pambali pa ndodo ya mu labu. Pa zimenezi tikufunika laputopu yachitatu ndi kakhadi ka mawu ka USB kolandira mbali ziwiri, chifukwa bowo la maikolofoni la malaputopu athu limalandira mbali imodzi yokha.